Chingerezi cha M'maso ndi Chingerezi cha M'khutu

Mwezi wathawu kudafika kunyumba kwanga namwino wina amene ndidamphunzitsa Chingerezi ali mtsikana wa Fomu 3. Titalonjerana monga mwa mwambo, iye adapisa dzanja m'chikwama natulutsa pepala, ndi kundipatsa osanena kanthu. Lidali pepala la zotsatira za mayeso a IELTS. Pa kuwerenga adapeza 7.5, pa kulankhula 7, pa kulemba 6.5, koma pa kumvetsera adapeza 6 yokha. Bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba ku Britain, la Nursing and Midwifery Council, limafuna 7 pa kumvetsera, pa kuwerenga ndi pa kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Motero zigawo zitatu adaoloka bwinobwino, koma chimodzi chidamgwira mwendo, ndipo ndalama zimene adasunga miyezi yambiri kuti alipire mayesowo zidalowa m'madzi. "Aphunzitsi," adatero potsiriza, "Chingerezi ndimachidziwa, mudandiphunzitsa ndinu nomwe. Koma anthu olankhula m'makina aja amameza mawu."

Mawu akewo adandikhala pamtima masiku angapo, pakuti mwa iwo mudali choonadi, ndiponso mudali mlandu umene ife aphunzitsi sitingauzembe. Chingerezi chimene ambiri a ife tidaphunzira m'sukulu za dziko lino chidalowera m'maso. Tidachiona pa bolodi, tidachikopera m'makope, tidachiwerenga m'mabuku, ndipo mayeso a Chingerezi a MSCE, phunziro limene munthu ayenera kukhoza kuti alandire satifiketi, amayesa makamaka zimene wophunzira angathe kuwerenga ndi kulemba. Khutu lidatsalira m'mbuyo ngati mwana wamasiye. Chingerezi chimene lidamvako chidali chotuluka m'kamwa mwa mphunzitsi amene nayenso adachiphunzira kwa Mmalawi mnzake, chomveka phatikizo lililonse, choyenda mwa mayendedwe a Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Chingerezi chotere si choipa ayi, ndipo palibe chifukwa chochitira nacho manyazi, popeza timagwira nacho ntchito m'maofesi, m'zipatala ndi m'makhoti tsiku ndi tsiku. Komatu si chimene chimamveka m'chipinda cha mayeso a kumvetsera. Amene afuna kukhoza mayesowa ayenera kuvomera kuti khutu lake lifunika kulowanso sukulu, ndipo sukulu yake ndi ya miyezi, osati ya sabata imodzi.

Tiyambe taadziwa mayesowo. A IELTS adayamba m'chaka cha 1989, ndipo eni ake ndi mabungwe atatu: British Council, IDP ya ku Australia, ndi nthambi ya mayeso ya yunivesite ya Cambridge. Alipo enanso, monga a TOEFL a ku America amene adayamba mu 1964, koma ine ndikamba za IELTS chifukwa ndiwo amene achinyamata ofuna maphunziro kapena ntchito ku Britain ndi ku Australia amabwera kudzandifunsa kawirikawiri. Chigawo cha kumvetsera chimatenga mphindi ngati 30, ndipo chili ndi mafunso 40 ogawidwa m'magawo anayi a mafunso khumikhumi. M'gawo loyamba anthu awiri amakambirana nkhani ya tsiku ndi tsiku, monga kufuna nyumba ya lendi kapena kulembetsa dzina pa kalabu. M'gawo lachiwiri munthu mmodzi amalongosola chinthu, monga malo oti alendo akaone. M'gawo lachitatu anthu awiri, atatu kapena anayi amakambirana za maphunziro, kawirikawiri ophunzira ndi mphunzitsi wawo. Gawo lachinayi ndi phunziro la mtundu wa ku yunivesite, munthu mmodzi akulankhula yekha kufikira kumapeto.

Chimene chimaopsa pa zonsezi ndi chakuti mawu amamveka kamodzi kokha. Pa mayeso a kuwerenga, chiganizo chikakuzunguza umachibwereza kawiri kapena katatu. Pa kumvetsera, madzi akatayika sawoleka. Funso lililonse lili ndi malikisi amodzi, ndipo malikisi onse amasandutsidwa kukhala muyeso woyambira pa 1 kufika pa 9. Eni mayesowa amaonetsa kuti mayankho okhoza ngati 16 amapereka 5, ngati 23 amapereka 6, ngati 30 amapereka 7, ndipo ngati 35 amapereka 8, ngakhale kuti ziwerengerozi zimasuntha pang'ono malinga ndi kulimba kwa mayeso a tsikulo. Tsono onani kuti wofuna 7 ali ndi ufulu wolakwa mafunso khumi okha. Akataya atatu chifukwa cha kalembedwe kolakwika, awiri chifukwa cha manambala, ndi ena atatu chifukwa chosokera pa pepala, ndiye kuti watsala ndi awiri okha a mafunso ovutadi.

Kumene khutu lathu limapunthwa

Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, a, e, i, o ndi u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pamene lili. Chingerezi cha ku England chimalembedwa ndi malembo omwewo, koma m'kamwa chimawatulutsa m'njira pafupifupi 20. Khutu limene lidakulira m'Chichewa limachita ngati mayi wosankha nyemba amene ali ndi malichero asanu okha: chilichonse chimene lamva limachiponya m'lichero limodzi mwa asanuwo. Motero "ship" ndi "sheep" zimagwera m'lichero la i, "full" ndi "fool" m'lichero la u, "bed" ndi "bird" m'lichero la e, "cot", "caught" ndi "coat" m'lichero la o, ndipo "hat", "hut" ndi "heart" zonse zimasanduka a. Wina anganene kuti nkhani yokha imatithandiza kuzindikira mawu amene anenedwa, ndipo kawirikawiri zimaterodi. Koma kuzindikira kotero kumadya kamphindi, ndipo pamene mutu uli kuweruza ngati alendo aja adzagona mu "hut" kapena mu "hat", wolankhula uja wapitirira kale ndi chiganizo china chimene mwina chidanyamula yankho la funso lotsatira.

Vuto lachiwiri aliyense amalidziwa, ndipo timasekana nalo. M'Chichewa l ndi r ali ngati munthu mmodzi wa malaya awiri. Malamulo a kalembedwe amati tilembe r pambuyo pa i kapena e, monga mu "mbiri" ndi "bwera", ndi l pena paliponse, monga mu "mbale" ndi "kulima". Koma munthu atasinthanitsa polankhula, tanthauzo silisintha. M'Chingerezi zilembo ziwirizi zimalekanitsa mawu. Mphunzitsi wa m'gawo lachitatu akauza wophunzira kuti "collect the papers", ndipo pa pepala la mafunso pali mayankho awiri oti musankhepo, lina lonena za kusonkhanitsa mapepala, lina lonena za kukonza zolakwa, khutu losalekanitsa "collect" ndi "correct" lingochita maere. Chimodzimodzinso "glass" ndi "grass", "light" ndi "right", "play" ndi "pray". Onjezanipo kuti th wathu wa mu "thumba" si th wa mu "three", ndipo ph wathu wa mu "phiri" si ph wa mu "pharmacy".

Lachitatu ndi lobisika, ndipo limadya malikisi mwakachetechete. Pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limathera pa lembo la liwu, n'chifukwa chake pobwereka mawu a Chingerezi tidawaveka michira: buku, kapu, supuni, foloko, sukulu. Khutu lathu silidazolowere kudikira kanthu kumapeto kwa mawu lembo la liwu litadutsa. Komatu Chingerezi chimasunga katundu wambiri kumapeto komweko. Kumeneko ndiko kuli s wosonyeza kuchuluka, ndi d kapena t wosonyeza nthawi yakale, ndipo kumeneko ndiko "card" amasiyana ndi "cart". Yankho likakhala "books" inu n'kulemba "book", musayembekeze kuti wochonga akumverani chisoni.

Koma chachikulu pa zonse ndi chija adadandaula namwino wathu, chakuti Angerezi amameza mawu. Ife polankhula timagawira phatikizo lililonse gawo lake la nthawi, ndi kukokako pang'ono lachiwiri kuchokera kumapeto. Mngerezi satero. Iye amasankha maphatikizo ochepa m'chiganizo, amawaponda mwamphamvu, ndipo otsalawo amawapanikiza pakati kuti achepe. Timawu ting'onoting'ono monga "of", "and", "to", "for", "was", "have" ndi "can" timafota n'kutsala kampweya chabe. "A cup of tea" amamveka ngati "akapatii". "Fish and chips" amataya a ndi d wa pakati. Mu "next door" t amasowa. "Wednesday", amene ife timamutchula ndi maphatikizo atatu kapena anayi, kwa iwo ali ndi awiri. "Vegetable" ndi "comfortable" ali ndi atatu. Wophunzira wakhama amene adaloweza mawu zikwi zambiri m'mabuku amakhala ndi chithunzi cha mawu aliwonse m'mutu mwake monga amalembedwera, ndipo amadikira kumva lembo lililonse. Mawuwo akafika atavula theka la zovala zawo, iye sawazindikira, ngakhale kuti ndi mawu amene adawadziwa kuyambira Sitandade 5.

Kuponda kwa maphatikizoku ndiko kumalekanitsanso 13 ndi 30, 15 ndi 50, 19 ndi 90. Mu "thirty" mphamvu ili kumayambiriro ndipo mathero ndi aafupi. Mu "thirteen" mathero ndi aatali, omveka, othera pa n. Mtengo wa chipinda, nambala ya nyumba ndi tsiku la mwezi zimabwera kawirikawiri m'gawo loyamba, limene ambiri amaliyesa lapafupi.

Pali msampha winanso m'gawo lomwelo umene udatcheredwa ife amene tidayamba ndi a, e, i, o, u. Wolankhula amatchula dzina la munthu kapena la msewu lembo ndi lembo kuti mulilembe. Tsono dzina la lembo E m'Chingerezi limamveka ngati i wathu, dzina la A limamveka ngati ei, ndipo la I limamveka ngati ai. Munthu ali phee kunyumba sangalakwe zimenezi, koma mtima ukamagunda m'chipinda cha mayeso dzanja limabwerera ku zimene lidaphunzira ku ubwana, ndipo limalemba I pamene anena E. G ndi J nawo amasokonezana. Lembo Z Angerezi amati "zed", a ku America amati "zee". Potchula nambala ya foni, 0 amanenedwa "oh" kapena "zero", ndipo "double four" ndi 44. Zimenezi n'zoti munthu angazigonjetse m'masabata awiri, atapeza mnzake womutchulira maina ndi manambala madzulo aliwonse, koma ndi ochepa amene amadzichepetsa kuti abwererenso ku alifabeti.

Pamwamba pa izi, olankhula m'mayesowa sachokera dziko limodzi. Mumamveka a ku Britain, a ku Australia, a ku New Zealand, a ku America ndi a ku Canada. Mngerezi wa ku London satchula r wa kumapeto mu "car" ndi "four", pamene wa ku America amamutchula momveka. Wa ku America yemweyo amafewetsa t wa mu "water" mpaka amveke ngati r wathu wa mu "mbiri". Wa ku New Zealand akati "pen" mungayese wati "pin", ndipo wa ku Australia wa kalankhulidwe kolemera akati "day" mungayese wati "die". Walira mvula walira matope: wofuna kukagwira ntchito pakati pa anthu amenewa ayenera kuyamba kuwamva asadakwere ndege.

Sukulu ya khutu

Malangizo amene amaperekedwa kawirikawiri ndi akuti mverani wailesi ndipo onerani mafilimu a Chingerezi. Sindiwatsutsa, koma paokha ndi osakwanira. Munthu angathe kutsegula BBC World Service m'mawa uliwonse kwa chaka chathunthu akusesa m'nyumba, namva mutu wa nkhani iliyonse, koma osazindikira konse kuti theka la timawu tating'ono likumdutsa. Kumva mutu wa nkhani ndi luso lina, kumva mawu enieni ndi linanso, ndipo mayeso amafuna onse awiri. Nkhani za Chingerezi za pa wailesi zathu nazo n'zothandiza pa kuchulukitsa mawu, koma owerenga ake ndi anzathu a kalankhulidwe konga kathu, choncho khutu silikumana ndi chachilendo.

Njira imene ndaiona ikusintha anthu ndi yakale, yotopetsa, ndipo aphunzitsi athu a kale ankaidziwa: kulembetsa. Pezani mawu ojambulidwa amene ali ndi zolembedwa zake. Pulogalamu ya BBC yotchedwa 6 Minute English imapezeka pa intaneti pamodzi ndi zolembedwa za mawu onse, ndipo mabuku a mayeso oyeserera a Cambridge IELTS ali ndi zolembedwa zotere kumapeto kwake. Tengani mphindi imodzi yokha. Imvereni yonse kamodzi, kenaka bwerezani chiganizo ndi chiganizo, mukulemba mawu aliwonse m'kope, osasuzumira zolembedwa zija. Pamene pakukanikani bwerezani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo pakakanikabe lembani chimene khutu likumva, ngakhale chikhale chopanda tanthauzo. Mukatha, yerekezani ndi zolembedwa.

Apa ndiye pali phindu lenileni, ndipo ambiri amapadumpha. Musangowerenga zolakwa zanu n'kugwedeza mutu. Gawani tsamba m'madanga atatu. M'danga loyamba lembani mawu amene simunkawadziwa n'komwe. M'danga lachiwiri lembani mawu amene mumawadziwa bwino pa pepala koma khutu silidawazindikire. M'danga lachitatu lembani amene mudawamva koma mudalakwitsa kalembedwe kake. Danga lililonse lili ndi mankhwala ake: loyamba lifuna kuwerenga kwambiri, lachitatu lifuna kuloweza, koma lachiwiri lifuna kuti mubwerere ku mawu ojambulidwa aja, mumvenso malo omwewo maso ali pa zolembedwa, kenaka muwatchule inu mwini mokweza, motsanzira wolankhulayo, kufikira pakamwa panu patazolowera kuwapanikiza monga achitira iye. Chimene pakamwa paphunzira kutulutsa, khutu silivutika kuchilandira. Pa ophunzira amene ndakhala nawo, danga lachiwiri ndilo limadzaza msanga, ndipo iwo amadabwa kuona kuti mdani wawo si mawu aatali a sayansi koma "would have", "there are" ndi "a lot of".

Mphindi 20 kapena 30 tsiku lililonse zimaposa maola asanu a Loweruka lokha. Popeza intaneti ndi yodula ndipo magetsi sakhulupirika, koperani mawuwo pa foni pamene mwapeza mpata, kuti muzimvera ngakhale usiku wa mdima. Mayeso athunthu oyeserera musawamalize onse m'masabata oyamba. Limodzi pa sabata n'lokwanira, ndipo lichitidwe monga pa tsiku lenileni: kamodzi kokha, osaimitsa, osabwereza, chitseko chotseka.

M'chipinda cha mayeso

Khutu likakonzeka, patsala kudziwa machenjera a mayesowo. Gawo lililonse lisanayambe mumapatsidwa kanthawi kowerenga mafunso. Kanthawi kameneka n'kamtengo wapatali kuposa kena kalikonse. Pa mpata uliwonse wosiyidwa dzifunseni: kodi apa pafunika dzina, nambala, tsiku, mneni kapena mfotokozi? Ngati patsogolo pa mpata pali chizindikiro cha ndalama, khutu lidikire nambala. Ngati chiganizo chikuti "two" kapena "several" mpata usanafike, yankho lidzakhala la zambiri. Mlenje wodziwa nyama imene akusaka sacheukira mbewa iliyonse yodutsa. M'magawo atatu oyamba pamakhala kupuma pakati kuti muwerenge mafunso otsala, koma m'gawo lachinayi mafunso onse khumi muyenera kuwawerenga wolankhula asanayambe.

Mayankho amabwera motsatana ndi mafunso, ndipo ichi ndi chingwe chogwirira. Pamene mukudikira yankho la funso 14, diso lina likhale pa funso 15. Mukamva mawu okhudza 15, dziwani kuti 14 yapita, isiyeni. Ndaona ophunzira anzeru akutaya mafunso anayi otsatana chifukwa cholira limodzi. Pamapeto lembanipo chilichonse chimene mukuganiza, pakuti yankho lolakwa silichotsetsa malikisi, pamene mpata wopanda kanthu sungakupatseni kalikonse.

Chenjerani ndi yankho lofika msanga. Okonza mayesowa amakonda kuti wolankhula anene chinthu, kenaka achibweze. Mayi wofuna chipinda anena kuti adzafika Lachiwiri, inu mwalemba kale mokondwa. Pomwepo akumbukira kuti Lachiwiri ali ndi msonkhano, ndipo asintha kuti Lachinayi. Timawu monga "actually", "sorry", "but", "instead" ndi "used to" ndi mabelu ochenjeza kuti chimene chanenedwa chili pafupi kugwetsedwa. Pa mafunso osankha, kawirikawiri mayankho onse atatu amatchulidwa m'nkhanimo, ndipo limene mawu ake amveka ndendende monga alembedwera pa pepala nthawi zambiri ndilo nyambo. Loona limabwera litavala mawu ena: pa pepala alemba "cheap", wolankhula anena kuti sichidya ndalama zambiri, pa pepala alemba "every two weeks", iye anena "fortnightly". Wongosaka mawu ofanana amakodwa. Womvera tanthauzo amapulumuka.

Mafunso a mapu amatisautsa mwapadera, ndipo ndikuganiza kuti chifukwa chake chili m'chizolowezi chathu. Ife polondolera mlendo timati mutsetsereke, mukafika pa mtengo wa mango mukhotere kumene kuli chigayo. Mapu a pa pepala, a kumpoto ndi kumwera, sitiwagwiritsa ntchito kawirikawiri. Pa mayeso pezani msanga pamene wolankhula waima, ikani chala kapena pensulo pomwepo, ndipo muyende naye. Dziwiranitu mawu monga "opposite", "adjacent to", "beyond", "at the far end" ndi "clockwise". Dziwaninso kuti ku Britain nyumba yosanja imayamba ndi "ground floor", ndipo "first floor" ili pamwamba pake, ndi kuti Mngerezi akati "half seven" akunena 7:30.

Malangizo a pamwamba pa mafunso awerengedwe nthawi iliyonse, pakuti amasintha. Akati musapyole mawu awiri, inu n'kulemba atatu, yankho lafa ngakhale tanthauzo lake likhale loona. Mawu olumikizidwa ndi kamzere amawerengedwa ngati amodzi. Kalembedwe ka ku Britain ndi ka ku America konse n'kololedwa, koma kolakwika sikaloledwa, ndipo pano l ndi r amatitsatanso: "library", "February", "laboratory". Onjezani "accommodation", "receipt", "environment" ndi maina a masiku ndi miyezi. Nambala ilembedwe ngati nambala. Palibe chifukwa cholemba "forty" n'kuika u wosafunika pamene 40 akadakwanira.

Chinthu china chimene akale amene adalemba mayesowa zaka zapitazo sangakuuzeni ndi cha kompyuta. Mayeso a papepala amapereka mphindi khumi pamapeto zokopera mayankho pa pepala loyankhira. Mayeso a pa kompyuta, amene adayamba mu 2017 ndipo ndiwo afala tsopano, amapereka mphindi ziwiri zokha zoonanso mayankho, popeza mumalemba mukumvera. Kwa wachinyamata amene adangozolowera foni, kufunafuna lembo pa kompyuta wolankhula akupitirira ndi tsoka lalikulu. Funsani ku malo olembera mayeso mtundu umene mudzalembe, ndipo ngati ndi wa kompyuta, pezani poyeserera kutaipa miyezi isanathe. Pa tsikulo, yesani zomvera za m'makutu mayeso asanayambe, ndipo ngati sizikumveka bwino kwezani dzanja nthawi yomweyo. Ulemu wathu wosafuna kuvutitsa akuluakulu usakulepheretseni mayeso.

Kwa aphunzitsi anzanga ndili ndi pempho laling'ono. Ndikudziwa kuti makalasi ndi odzaza, silabasi ndi yaitali, ndipo kumvetsera sikubweretsa malikisi ambiri pa mayeso a boma. Komabe mphindi khumi kawiri pa sabata zingapezeke. Foni imodzi ndi kasipika kakang'ono zikwanira kalasi lonse. Tsiku lina lembani pa bolodi mawu awiriawiri ofanana, monga "leave" ndi "live" kapena "load" ndi "road", ana amve limodzi ndi kuloza limene lanenedwa. Tsiku lina alembetseni ziganizo zitatu zochokera m'kamwa mwa mlendo, osati mwanu. Ndipo tisachite manyazi kuvomera pamaso pa ana kuti ifenso mawu ena atidutsa. Ine ndidaphunzitsa zaka zingapo ndisanadziwe kuti b wa mu "debt" ndi p wa mu "receipt" satchulidwa. Ana ameneŵa si onse adzapita kunja, koma amene adzafike ku yunivesite adzamvera maphunziro m'Chingerezi ola lathunthu, ndipo ambiri adzayankha foni za ntchito.

Wolephera chigawo chimodzi masiku ano ali ndi kakhomo kena. Kuchokera mu 2023 kwafalikira m'mayiko ambiri dongosolo lotchedwa One Skill Retake, lolola amene adalemba pa kompyuta kubwereza chigawo chimodzi chokha pasanathe masiku 60. Koma si malo onse olembera amene amalipereka, ndipo si mabungwe onse amene amalilandira, choncho funsani mbali zonse ziwiri musanalipire. Kumbukiraninso kuti mabungwe ambiri amalandira zotsatira za IELTS kwa zaka ziwiri zokha, motero kulemba msanga zinthu zina zisanakonzeke n'kutaya ndalama.

Namwino uja sadathamangire kubwereza. Adabweranso Lamlungu lapitali ndi kope lake la madanga atatu, ndipo monga ndidayembekezera, lachiwiri ndilo lidali litafika tsamba lachinayi. Adandionetsa chiganizo chimodzi chimene adachibwereza kasanu ndi kawiri usiku wina atachoka ku ntchito. Khutu lake lidaumirira kuti wolankhulayo akuti "I do faster", ndipo adalemba chomwecho ngakhale sichinkagwirizana ndi nkhani. Atatsegula zolembedwa adapeza kuti mawuwo adali "I'd have asked her". Adati adaseka yekha mpaka mwana wake adadzuka. Kenaka adanditchulira chiganizocho katatu, mopanikiza monga Mngerezi, ndipo ulendo wachitatu ine mphunzitsi wake ndidachita kumpempha kuti abwerezenso.